Moto Umene Ndinasenzetsa Che Yusufu

Zikomo abale pondipatsa mpata. Mundilole ndiimirire, chifukwa nkhani iyi ndikaikamba nditakhala pansi sindiimaliza.

Amene mwachokera ku Mayani mukundidziwa. Ndine Fabiyano Mbewe, wokonza mawailesi. Enanu mumangomva kuti “aja inawapsera nyumba aja.” Akuluakulu amati tsoka silinunkha, koma langa linanunkha. Linanunkha miyezi itatu yathunthu, fungo la pulasitiki wopserera, ine n’kumalimva ndi mphuno zangazi tsiku ndi tsiku, koma osachitapo kanthu.

Ntchito ya mawailesi ndinaiyamba zaka zija matipate akubwera kumene. Nthawi imeneyo aliyense ankafuna kumva yekha zimene zikuchitika m’dziko. Anthu ankayenda wapansi kuchokera ku Kasina ndi ku Kabwazi, wailesi ataikulunga m’chitenje ngati mwana wodwala. Ntchito inandikomera, mpaka ndinamanga nyumba yamalata pafupi ndi msika. Kutsogolo kunali zipinda ziwiri za malonda, kumbuyo n’kumene tinkakhala ndi mkazi wanga Nabanda ndi mwana wathu mmodzi yekha, Tadala. Chipinda chimodzi chakutsogolo chinali changa. Chinacho munkachita lendi Che Yusufu, telala, Msilamu, wondiposa ndi zaka khumi. Denga linali limodzi, siling’i imodzi.

Che Yusufu tinakhala nawo zaka zoposa makumi awiri osayambanapo. Mayunifolomu onse a Tadala, kuyambira sitandade wani, anasoka ndi iwo, ndipo ndikatulutsa ndalama ankandibwezera m’thumba la malaya. Munthu ameneyo mumusunge mumtima pamene ndikupitiriza.

Zaka zinapita, mawailesi anachepa, ndinayamba kukonza mafoni ndi makompyuta. Tsiku lina mlamu wanga atabwera kuchokera ku Joni anandisiyira kompyuta yakale. Mkati mwake munali chipangizo chimene amati khadi, chija chimathandiza kompyuta kuonetsa zithunzi, chachikulu ngati njerwa, chokhala ndi mafani ake awiri. Anandionetsa kuti ukailumikiza ku intaneti, khadiyo imawerengera masamu osapuma, ndipo kunja uko amakupatsa tizidutswa ta ndalama yosagwirika ija, kiripito. Ntchitoyo amaitcha kukumba.

“Alamu,” anatero, “anthu kwina amalira ndi kutentha kwa makinawa. Inu kuno ku Dedza kuzizira mumakupeza kwaulere.”

Poyamba anali masewera chabe, monga mmene ena amawetera nkhunda. Ndinkakonda kumasula, kupukuta, kusintha apa ndi apo, n’kuona nambala ya pa sikirini ikukwera pang’ono. Ndinakhoma shelefu ya matabwa a paini m’kachipinda kosungiramo katundu, kuseri kwa shopu yanga. Khadi imodzi inabala makadi atatu. Atatu anabala asanu ndi imodzi. Ndinkakwera minibasi kupita ku Lilongwe kukasaka makadi akaunjika m’mashopu a makompyuta. Pofika pa makadi asanu ndi anayi, mafoni a anthu anali atangounjikana pa tebulo, fumbi lili mbuu. Kutchalitchi ndinkapita thupi lokha. Pakati pa ulaliki ndinkasuzumira foni m’thumba kuona ngati makina akadali moyo.

Ndisakunamizeni, sindinalemere. Kandalama kankabwera, koma konse kankabwerera m’makina momwemo. Chimene chinandigwira ndi kulira kwake. Mafani aja ankalira ngati njuchi zili m’mphako, ndipo magetsi akazima, nyumba ikati zii, mtima wanga unkathamanga ngati ndamva uthenga wa maliro.

Makadi amadya magetsi, abale. Mayunitsi amene kale ankatifikitsa kumapeto kwa mwezi anayamba kutha masiku atatu. Ndiye Lamulungu lina anthu ali kutchalitchi, ndinakwera m’siling’i. Ndinalumikiza waya pamwamba pa mita, kuti magetsi azipita ku makina osawerengedwa. Kumeneko n’kuba, palibe dzina lina. Waya wokhuthala ndinalibe, ndinangotenga wowonda amene anali pafupi. Ndipo polambalala mita ndinalambalalanso chija chimadula magetsi chokha zinthu zikatentha. Ine ndine munthu wa mawaya. Ndinkadziwa bwino lomwe chimene ndachita.

Patangopita masabata awiri, fungo linayamba.

“Bambo a Tadala, kodi chikununkha n’chiyani m’nyumba muno?” anafunsa Nabanda.

“Ndi fumbi la m’mafani. Musadandaule.”

“Fumbi limanunkha ngati jumbo yagwera pamoto?”

“Kodi za makina mukuzidziwa ndi inu kapena ine?”

Nkhaniyo anaisiya pomwepo. Koma zizindikiro sizinakhale chete. Makoswe amene ankatisowetsa mtendere m’siling’i anasamuka onse. Pakona ya siling’i panatuluka banga lofiirira, longa pamene pagwera tiyi, ndipo sabata iliyonse linkakula. Ukagwira khoma la kachipinda kaja linkafunda ngati mphumi ya munthu wamalungo.

Tsiku lina Che Yusufu anasuzumira pakhomo panga, tepi ili m’khosi.

“A Mbewe, babu wanga akuphethira ngati diso lolowa kachitsotso. Kapena ndi simbi yangayi? Tandionerani, ndinu adokotala athu.”

Simbi yawo yamagetsi inalibe vuto lililonse. Koma ndinaitembenuza uku ndi uku, n’kunena kuti, “Yakalamba iyi, Che Yusufu. Muzisamala nayo.”

“Zikomo achimwene. Nanenso mutu wakalamba, masiku ano ndimaiwalaiwala.”

M’mwezi wa Juni, Tadala anabereka mwana wamkazi wosakwana masiku. Mwamuna wake anali kuntchito kutali, choncho atatuluka m’chipatala anabwera kwathu. Kamwanako kanali kochepa moti kankakwana m’manja mwanga muwiri. Anamwino anati chachikulu asazizidwe. Inu mukuidziwa Juni ya kwathu kuno, nkhungu mpaka dzuwa litakwera, madzi a mumtsuko oluma mano. Nabanda anayenda m’nyumba monse akugwira makoma, n’kuima pa chipinda chogundana ndi makina.

“Muno ndiye mofunda. Mwana agone muno.”

Matiresi ndinanyamula ndine. Ndinawayala ndekha kumunsi kwa banga lija.

Tsiku lomwelo masana ndinakwera m’siling’i ndi tochi. Nditagwira waya uja ndinachotsa dzanja msangamsanga. Chikopa chake chinali chitafewa ngati phula, ndipo thabwa limene anadutsapo linali litada bii. Pansi panga ndinkamva Tadala akuimbira mwana. Chofunika chinali chimodzi, kutsika n’kuzimitsa. Koma sabata imeneyo mtengo wa kiripito unkakwera. Ndinadziuza kuti Loweruka ndigula waya wabwino. Limeneli linali Lachiwiri.

Lachisanu masana Che Yusufu anatseka shopu n’kupita kumzikiti monga mwa nthawi zonse. Nabanda ankachapa matewera kuseri. Ine ndinali kumapeto kwa msika, ndikudya tchipisi pachiwaya. Kunkawomba mphepo yamphamvu. Ndinangomva mayi wina akukuwa, “Moto! Moto kwa a Mbewe!”

Ndinathamanga. Utsi wakuda unkatuluka m’mphepete mwa malata mbali zonse, malatawo akulira ngati akugendedwa. Ndipo apa ndinene chinthu chimene ndinakhala zaka ndisanauze munthu. Nditafika, sindinathamangire chipinda cha mwana. Miyendo yanga inalunjika ku chitseko cha makina. Amuna atatu anandigwira n’kundigwetsa pansi, wina akuti, “Agwireni, afera mdzukulu!” Ankandiyesa munthu.

Amene analowa anali Nabanda. Anapeza Tadala atakomoka ndi utsi, siling’i ikugwa zidutswazidutswa. Thabwa loyaka linali litagwera pa neti, pamwamba pa mwana. Analigwira ndi manja ake awiri n’kulikankhira kumbali. Ananyamula mwana, natuluka, nabwereranso kukakoka Tadala. Atatuluka kachiwiri, anthu anayamba kulira poona manja akewo. Iye sankalira. Ankangoti, “Akupuma? Taonani ngati akupuma.”

Galimoto ya munthu wina wogula mbatata inawatenga onse atatu kupita kuchipatala cha pa boma. Nyumba inatha yonse, pamodzi ndi makina atatu osokera a Che Yusufu ndi nsalu za anthu.

Che Yusufu anafika akuthamanga, mkanjo woyera uli pathupi. Munthu wina m’gulumo anafuula kuti, “Inu atelala, simbi munazimitsa?”

Anaima. Anagwira mutu ndi manja onse. “Ndinasita malaya ndisanapite… Sindikukumbuka. Mulungu wanga, sindikukumbuka.”

Wapolisi atandifunsa kuti ndikuganiza kuti moto unayambira pati, ndinayang’ana pansi n’kunena kuti, “Simbi yawo ija ndinawachenjezapo.”

Mawu anayi okha. M’mawa mwake, akadaulo a zamagetsi asanafike, ndinafukula phulusa, n’kuchotsa waya wanga uja ndi mafupa a makadi, n’kukaponya m’chimbudzi.

Che Yusufu anagona kupolisi masiku awiri. Atatuluka anapeza mawindo a kunyumba kwawo ataswedwa. Eni nsalu ankawatsata mpaka pakhomo. Pamsika anthu anayamba kulankhula mawu oipa, osati za iwo okha, koma za Asilamu onse, anthu amene tinkagulana nawo mchere ndi sopo chibadwire. Ine anthu ankandipatsa pepani, ena ufa, ena zovala. Ndinkalandira.

Kuchipatala ndinkapita tsiku lililonse. Mwana anali m’chipinda cha makanda, timapaipi tili m’mphuno, Tadala ali pambali pake. Nabanda anali ku wodi ya amayi, manja onse atakulungidwa mabandeji mpaka m’zigongono. Ndinkamudyetsa ndi supuni. Ankatsegula pakamwa, kumeza, koma osandilankhula. Ndinkati ndi ululu.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, nthawi yoona odwala masana, ndinaona Che Yusufu akulowa m’wodimo. Anali ataonda, ndevu zitayera kuposa kale. Ananyamula fulasiki ya phala ndi kajumbo. Anayenda pang’onopang’ono pakati pa mabedi, anthu akuwayang’ana. Atafika pa bedi la Nabanda anavula chisoti chawo, n’kugwada pa simenti. Munthu wa zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri, mawondo akulira.

Anatulutsa m’kajumbo tizipewa titatu ta mwana.

“Mayi, makina ndilibe. Timeneti ndasoka ndi singano yapamanja. Mwana asazizidwe kumutu.”

Anatiika pa bulangete. Kenako anati, “Ndabwera kudzatsanzika. Mawa ndikupita kumudzi kwathu, sindidzabweranso. Masiku onsewa ndikuyesa kukumbuka ngati ndinazimitsa simbi ija. Ndimadziona ndikutseka chitseko, koma dzanja langa pa switchi sindikuliona. A Mbewe anandichenjeza, ine osamva. Mwandisunga zaka zonsezi ngati m’bale, ine ndakubwezerani moto. Sindikupempha kuti muiwale. Ndikungopempha kuti mukamapemphera, musanditemberere.”

Misozi inkatsikira m’ndevu. Ine ndinali chiimire, supuni ili m’manja, ndipo ndikuuzeni zoona, mumtima mwanga munali mawu akuti: mawa akapita, nkhani yatha.

Nabanda anawayang’ana. Kenako analankhula, koyamba pa masiku asanu ndi anayi.

“Dzukani, Che Yusufu. Simenti ikuzizira.”

Iwo sanadzuke.

“Ine ndinalowamo m’nyumba muja,” anatero. “Kawiri. Khoma la mbali yanu linali lisanagwire moto. Ndinaona kumene unkachokera.”

Atatero anatembenuza mutu n’kundiyang’ana. Sanakweze mawu.

“Musapite kaye, Che Yusufu. Bambo a Tadala ali ndi mawu.”

Abale, ndinayang’ana chitseko. Chinali pafupi, masitepe khumi okha. Ndikanatha kunena kuti mayiwa mankhwala awasokoneza mutu, ndipo anthu akanandikhulupirira. Ndinayang’ana mabandeji aja, pamene madzi achikasu anali atatulukira. Mayi ameneyu anadziwa kuyambira tsiku loyamba. Ankameza phala la m’dzanja langa akudikira kuti mwina mwamuna wake alankhula yekha. Supuni ija ndinaiika pansi.

“Che Yusufu, simbi yanu inalibe vuto.”

Anakweza maso.

“Ndinaba magetsi. Ndinadutsitsa waya wowonda m’siling’i kupita ku makina anga. Ndinauona ukusungunuka Lachiwiri, ndinausiya. Moto ndi wanga. Waya ndinakautaya m’chimbudzi kuti asauone.”

Ndinkayembekeza kuti andimenya, kapena akuwa. Anangogwira chitsulo cha bedi n’kudzuka movutika. Anapukuta nkhope ndi chisoti chija, n’kuchivala.

“Ndiye ndinazimitsa,” anatero, ngati akudzilankhulira. “Ndinazimitsa.”

Kenako anandiyang’ana.

“Masiku asanu ndi anayi, a Mbewe. Mdzukulu wanga anamugenda mwala pochokera kusukulu, ali ndi bala apa. Mkazi wanga sapita kumjigo. Inu mumadutsa pakhomo panga m’mawa uliwonse popita kokwera galimoto.”

Che Yusufu anatsanzika kwa Nabanda yekha, n’kutuluka. Fulasiki anaisiya.

Njira yobwerera inayambira pamenepo, ndipo sinali yaifupi. Tsiku lomwelo ndinapita kupolisi n’kukanena zonse, ndipo ndinawalozera chimbudzi chija. Asananditsekere ndinapempha chinthu chimodzi, kuti andiperekeze kumsika. Linali tsiku la msika. Ndinakwera pa ngolo, wapolisi ali pambali, n’kunena mawu omwe aja pamaso pa anthu amene anandipatsa ufa. Bodza ndinalinena pagulu, choncho kulibweza kunayeneranso kukhala pagulu. Mayi wina anandilavulira. Sindimuimba mlandu.

Khoti linandipeza wolakwa pa kuba magetsi ndi kunamiza apolisi. Ndinakhala kundende chaka ndi miyezi ingapo. Za nsabwe ndi kugona mothithikana sindikambapo, ena muno mukuzidziwa. Chimene chinandizunza n’chakuti masabata oyamba ndinkamvabe kulira kwa mafani m’makutu, ndipo dzanja linkapita lokha m’thumba kufuna foni. Nyumba yapsa, mkazi wapunduka, koma mtima ukufunabe kudziwa kuti mtengo wa kiripito uli pati. Pamenepo ndinazindikira kuti ndinali wodwala, ndipo ndinauza mkulu wina wa mapemphero m’ndendemo. Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kuti chilakolako chikabwera ndizichitchula mokweza kwa munthu wina chisanakule.

Nditatuluka ndinagulitsa munda wanga wa kudambo ndi njinga yamoto, n’kugula makina awiri osokera. Ndinawanyamula pa wilibala mpaka kwa Che Yusufu. Sanasamuke, akadali ku Mayani. Anatuluka, anawayang’ana, anapukusa gudumu kuti amve kulira kwake.

“Alowetseni,” anauza mwana wawo. Ine sanandiuze kuti ndikhale pansi.

Panapita zaka ziwiri tikungodutsana. Masiku ano ndikawapatsa moni amayankha, nthawi zina amafunsa za mwana. Ubale uja sunabwerere, ndipo ndinasiya kuuyembekezera ngati malipiro.

Panopa tikuchita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri. Ndimagwira ntchito pansi pa munthu wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso, ndipo waya aliyense amene ndaika amamuona iye ndisanatseke. Foni yanga ndi ya mabatani. Ndalama zonse zimafikira kwa Nabanda. Zala zake sizipinda, choncho kuchapa, kusenda mbatata, kumumanga mpango kumutu, ndi ntchito yanga. Amuna ena amandiseka pamjigo. Asiyeni aseke.

Sindikunena kuti aliyense wokhala ndi makina amenewa ndi wakuba. Alipo amene amalipira magetsi awo, waya wawo ndi woyenera, ndipo akafuna kuzimitsa amazimitsa. Funso ndi limenelo. Kaya ndi makadi, kaya ndi kubetcha pa foni, kaya ndi botolo, kodi mungathe kuzimitsa lero, osati Loweruka? Ngati akunyumba akufunsani kuti chikununkha n’chiyani inu n’kuwakalipira, mwafika kale pamene ndinali. Ndipo ngati pali munthu amene akusenza mlandu wanu pamene tikukhala muno, musadikire kuti adzagwade pamaso panu. Mukatuluka pano mupite kwa iyeyo musanapite kwanu.

Mwana uja anachira. Dzina lake ndi Pemphero, ali ndi zaka zinayi. Nyengo yozizira chifuwa chake chimalira ngati kamluzu, ndipo madokotala akuti mwina zidzakhala choncho moyo wake wonse. Amandikonda. Ndikafika kunyumba amathamangira kudzakhala pamiyendo panga.

Sabata yatha atakhala pamiyendo pangapo, ankayang’ana agogo ake aakazi akuvutika kugwira kapu. Anafunsa kuti, “Agogo, manja a agogo aakazi anatani?”

Tadala anafuna kumunamiza kuti anapsa ndi madzi otentha. Nabanda anangondiyang’ana. Ndinamuuza mwanayo kuti, “Anapsa pokuchotsa iwe pamoto. Motowo ndinayambitsa ndine, chifukwa ndinakonda makina anga kuposa anthu a m’nyumba.”

Pemphero anandiyang’ana. Kenako anatsika, n’kupita kukakhala pa agogo ake aakazi, atagwira dzanja lopunduka lija ndi timanja take tiwiri.

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chimodzi asanabwererenso pamiyendo panga. Sindikumukakamiza. Ndikudikira.

Ndathokoza pondimvera.